Panyumba Pathu Palibe Nkhwangwa

Panyumba pa mayi a mapasa panalibe nkhwangwa. Ankaphikira makala, ndipo zakuthwa m'nyumba monsemo zinali mpeni wa ndiwo ndi sizasi yawo yodulira nsalu, poti mayiwa ankasoka zovala pakhonde. Ndiye mungathe kuona mmene mutu wawo unazungulirira atafika kuchipatala ali wefuwefu, n'kumva namwino akunena kuti mwamuna wawo wadzidula zala ndi nkhwangwa, akuwaza nkhuni kunyumba.

"Kunyumba kwake kuti?" anafunsa mayi a mapasa.

Bambo a mapasa anali gone pabedi, nkhope itatuwa, dzanja lamanja litakulungidwa bandeji mpaka m'chigongono. Zala zitatu zinali zitapita. Chinatsala chachikulu ndi chaching'ono basi. M'mawa wa tsiku lomwelo bamboyo anachoka pakhomo atavala ovolosi yabuluu ndi jombo, ulendo wa ku fakitale ya malata kumene anagwirako ntchito kuyambira mapasa asanabadwe. Tsopano anali m'malaya amizeremizere, aakulu m'mapewa, amene mkazi wake anali asanawaonepo chibadwire. Kumapazi kunalibe kanthu.

Pambali pa bedi panaima kapitawo wa ku fakitaleko. Anyamata ankamutcha Changu, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pake kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Koma tsiku limenelo anali wofatsa, manja atawapinda kumbuyo.

"Pepani, amayi," anatero kapitawoyo. "Tsoka silinunkha."

"Ndikufunsa za nkhwangwayo. Nkhwangwa yake iti?"

Bambo a mapasa anatsegula maso. "Mayi a mapasa, khalani chete," anatero ndi mawu otsika. "Tikakamba kunyumba."

Kuti mumvetse, ku fakitale imeneyo kunali kachitidwe kake. Munthu akavulala, anzake ankayamba amuvula ovolosi ndi jombo asanamukweze galimoto. Ankamuveka malaya alionse opezeka pa msomali, ndipo ali m'njira kapitawo ankamuphunzitsa zokanena kwa adokotala. Palibe ankakumbuka amene anayambitsa zimenezi. Onse ankangodziwa chifukwa chake, poti ankachimva pafupipafupi: achipatala akalemba kuti ngozi yachitikira kuntchito, aboma abwera, atseka fakitale, aliyense akakhala kunyumba manja lende. Koma wosunga pakamwa, abwana amusunga. Anthu akazolowera choipa amayamba kuchiseka. Anyamata aja ankanyogodolana kuti, "Usamavale kabudula wobooka, sudziwa tsiku lovulidwa."

Kapitawo anatengera mayi a mapasa pakhonde la chipatala. "Musade nkhawa," anatero. "Amuna anuwa ndi munthu wathu. Makina awo awadikira. Abwana achita zonse mwakachetechete, inu mungotithandiza kusunga pakamwa."

Mayiwa sanavomere, komanso sanakane. Mtima wawo unali pa dzanja lija.

Atatuluka m'chipatala, nyumba inasintha. Bambo a mapasa anali munthu wosakhazikika, wokonza chitseko cha mnzake asanapemphedwe. Tsopano ankangokhala pa mpando wa kuseri kwa chitseko, dzanja lili pachifuwa, maso ali pakhoma. Batani la malaya linkamukanika. Supuni inkagwa. Mkazi wake akati amuthandize, ankakalipa, kenako n'kupepesa, kenako n'kukhala duu tsiku lonse. Tsiku lina mmodzi wa mapasa aja anayang'anitsitsa bandejiyo n'kufunsa kuti, "Ababa, zala zimameranso ngati mano?" Bamboyo anadzuka n'kukaima kuseri kwa nyumba. Mayi a mapasa anapalasa makina osokera mwamphamvu kuti ana asamve kuti bambo awo akulira.

Sabata yoyamba kapitawo anabwera ndi buledi ndi shuga. Yachiwiri anangoimba foni. Kenako foni yake inkangolira osayankhidwa. Mwezi unatha, malipiro sanabwere, ndipo banja lonse linatsamira pa makina osokera aja. Chinawapweteka kwambiri mayi a mapasa n'chakuti mchimwene wawo weniweni, wobadwa naye bere limodzi, anasiya kuponda pakhomopo. Ntchito ya ku fakitale anamupezera ndi mlamu wake yemweyo, ndipo ankagwira moyandikana: bambo a mapasa ankalowetsa malata m'makina odulira, iye ankawalandira mbali inayo. Kale sankatha masiku awiri osabwera kudzasewera ndi mapasa. Tsopano akaona mlongo wake pamsewu ankakhotera njira ina.

Kenako kapitawo anatulukira masana ena, atanyamula chikwama. Anakana mpando.

"Zinthu zavuta, achimwene," anauza bambo a mapasa. "Pamakina paja taikapo munthu wina, ntchito siingaime. Nanga poti munavulalira kunyumba, kampani ilibe mlandu. Komabe abwana ndi achifundo. Akuti musaine apa kuti mwasiya ntchito mwakufuna kwanu, mulandire kangachepe kogulira sopo."

"Kunyumba?" anatero bambo a mapasa. "Inu a Changu, si inu munandiuza kuti ndinene choncho?"

"Ine ndikudziwa zimene zinalembedwa kuchipatala. Munanena ndi pakamwa panu."

Bambo a mapasa anayang'ana cholembera, n'kuyang'ana dzanja lake. Kapitawoyo anazindikira vutolo, ndipo mopanda manyazi anapisa m'chikwama n'kutulutsa kabokosi ka inki. "Musavutike," anatero. "Chachikulucho chilipo. Mungodinda."

Mayi a mapasa anasiya zosoka zawo n'kudzuka. Sanadziwe lamulo lililonse, koma anadziwa kuti munthu amene wakudyera zala zitatu sangabwererenso chachinayi ndi zolinga zabwino. Anaima pakati pa awiriwo.

"Dzanjalo lili ndi mafinya, silikhudza inki lero," anatero. "Mawa akukatsukitsa bala. Mubwere Loweruka."

Kapitawo anapinda pepala lake n'kunena kuti Loweruka likadutsa, ngakhale kasopoko sikadzakhalapo.

Kutacha anapita kuchipatala. Amene ankatsuka mabala tsiku limenelo anali namwino wachikulire, wa magalasi okhala kunsonga kwa mphuno, wodziwika ndi pakamwa posabisa mawu. Anamasula bandeji, n'kuyang'ana balalo nthawi yaitali.

"Bambo, nkhwangwa yanuyi ndi yophunzira," anatero. "Yadula zala zitatu mzere umodzi ngati yachita kuyeza ndi rula. Ndipo mwati mumalemba ndi dzanja liti?"

"Lamanja."

"Ndiye nkhwangwayo munaigwira ndi lamanzere, n'kudula lamanja? Ine ndakalambira pa ntchito ino. Kumbali ya mafakitale uko kumachokera nkhwangwa zambiri zedi, ndipo eni ake onse amafika kuno opanda nsapato, atavala malaya a eni."

Bambo a mapasa anazolika. Mkazi wake sanathenso kupirira. "Anamwino, panyumba pathu palibe nkhwangwa," anatero, misozi ikutsika. Ndipo anafotokoza zonse, mpaka za kabokosi ka inki.

Namwinoyo anatseka chitseko n'kukhala pansi. "Mwadinda?"

"Ayi."

"Mwachita bwino. Musadinde, musasaine chilichonse chimene simunachimvetse. Tamverani. Munthu akavulala pantchito, lamulo limati olemba ntchito alipire chithandizo cha kuchipatala, amuthandize pa nthawi imene sakugwira ntchito, ndipo ngati chiwalo chapita, apereke chipukutamisozi. Si chifundo cha abwana chimenecho, ndi ufulu wanu. N'chifukwa chake amakuvulani ovolosi. Amadziwa kuti ikafika kuno, iyankhula inu musanatsegule pakamwa."

"Koma ndinanama ndekha," anatero bambo a mapasa. "Zinalembedwa kale. Ndikakasintha andimanga."

"Munanama muli ndi ululu, magazi akutuluka, kapitawo ataima pamutu panu. Zimenezo mukazinene momwemo. Ine ndikuperekezani kwa adokotala lero lomwe, alembe zimene mwanena tsopano ndi zimene balali likuonetsa. Mukatero mupite ku ofesi ya boma yoona za ntchito. Salipiritsa. Koma musazengereze. Amati mlandu suola, koma uwu umaola, uli ndi nthawi yake yokadandaulira. Ndipo mupeze munthu amene anaona. Chilichonse cha tsiku limenelo chimene chingapezeke, chisungeni mmene chililimo."

Adokotala analemba. Koma pobwerera, bambo a mapasa anali wakugwa mphwayi. "Ndani angandichitire umboni?" anatero ali m'njira. "Aliyense ali ndi ana. Ine ndemwe ndinavulapo anzanga awiri ndi manja angawa. Zisiyeni, mayi a mapasa. Tidinde, tilandire kasopoko."

Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Atamusiya mwamuna wawo pa mpando wake uja, mayi a mapasa anadikira nthawi yoweruka n'kulunjika kwa mchimwene wawo.

Anamupeza atakhala pakhomo, akuvula jombo. Mkazi wake, amene anali woyembekezera, anapereka moni n'kulowa m'nyumba, poti nkhope ya mlamu wake inkaoneka kuti sinabwerere macheza.

"Achimwene, mwatitaya," anayamba mayi a mapasa.

"Ntchito yachuluka, achemwali."

"Ntchito yachuluka poti mukugwira ndi ya alamu anu yomwe. Ndabwera ndi funso limodzi. Anawavula ovolosi ndani?"

Mchimweneyo anayang'ana jombo imene inali m'manja mwake.

"Ndine," anatero. "Zipi inkakana. Mkono wa ovolosiyo unali utamatirira pabala, ndinachita kukoka. Alamu anakuwa, achemwali. Kukuwa kumene kuja ndimakumvabe. Mukuona ngati ndingalowe bwanji m'nyumba mwanu n'kumwa tiyi?"

Mayi a mapasa anabwera ndi mawu akuthwa ambiri, koma onse anawathawa. Anamumvera chisoni, ndipo chisonicho chinawakwiyitsanso.

"Chinachitika n'chiyani?"

"Makina aja ali ndi chitsulo chotchinga kuti dzanja lisafike pa mpeni. Maoda a ogula malata akachuluka, a Changu amatiuza kuti tichichotse, akuti chimachedwetsa. Tsiku limenelo lata linapindika, alamu anati aliwongole. Mpeni unatsika."

"Ndiye mukanene zimenezo ku ofesi ya zantchito."

"Ine?" Analoza chitseko ndi mutu. "Mwamuona mlamu wanuyo mmene alili. Mwezi wamawa uno tikhala atatu. Akandichotsa tidya chiyani? Mukufuna nyumba ziwiri zigone ndi njala m'malo mwa imodzi?"

"Chitsulo chotchingacho anabwezeretsa?"

"Ayi."

"Ndiye mawa mukaikanso manja anu pomwepo. Chaona mnzako chapita, achimwene. Mwana akubwerayo mudzamunyamula ndi chiyani?"

Mchimweneyo anadzuka n'kulowa m'nyumba. Mlongo wake anamva thumba la makala likukokedwa. Anatuluka ndi jumbo yakuda yomangidwa mfundo ziwiri.

"Anandiuza kuti ndikaiponye pamoto wa zinyalala," anatero. "Ndinalephera. Tengani. Koma pakamwa panga musapawerengere, chonde. Musanditchule."

Kunyumba, mayi a mapasa anamasula jumboyo kuseri, pafupi ndi mpopi. Fungo linawabweza. Ovolosi ija inali itauma gwa, mkono wakumanja utada ndi magazi mpaka paphewa, nsonga yake itadulidwa mowongoka. Pachifuwa panali chizindikiro cha kampani, ndipo pabondo panali chigamba chimene anasoka okha ndi ulusi wofiira tsiku limene wabuluu unawathera. Manja awo anachita zimene anazolowera Loweruka lililonse kwa zaka zonsezi. Anatunga madzi m'beseni, anathira sopo, ananyamula ovolosiyo. Mkazi wanji angasunge chovala cha mwamuna wake chili ndi magazi? Inatsala pang'ono kukhudza thovu pamene mawu a namwino anawabwerera: chisungeni mmene chililimo. Anabwerera m'mbuyo n'kutaya madziwo mu ngalande.

Analowa nayo m'nyumba n'kuiyala patebulo, pamaso pa mwamuna wawo.

Bambo a mapasa anaiyang'ana nthawi yaitali. Anatambasula dzanja lamanzere n'kukhudza mkono wodukawo. Kwa mwezi wathunthu anthu ankamufunsa za nkhwangwa, achibale, oyandikana nawo, a kutchalitchi, ndipo iye ankavomera mpaka anayamba kudziona ngati chitsiru chimene chinadzipundula chokha. Tsopano choonadi chinali patebulo.

"Ndinavulala kuntchito," anatero, ngati akudziuza yekha. "Ndinkagwira ntchito yawo."

"Eya," anatero mkazi wake. "Ndipo mawa mukanena zomwezo."

Ofesi ya zantchito inali m'chipinda cham'mwamba, kumapeto kwa khonde lalitali la mabenchi. Anadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi. Amene anawalandira anali mayi wa msinkhu wapakati, wosaseka, koma womvetsera. Sanawadule mawu. Anawerenga zimene adokotala analemba, anavala magolovesi n'kutembenuza ovolosiyo, kenako anafunsa ngati panali pepala limene anasaina.

"Palibe," anatero mayi a mapasa. "A kapitawo akuti abwera nalo Loweruka."

"Akabwera muwauze kuti nkhani ili kuno. Chimene chikanakupwetekani kwambiri n'kudinda pepala limenelo. Bodza la kuchipatala lativutitsa, sindikubisirani. Mukananena zoona tsiku loyamba, bwenzi pano tikukamba zina. Koma silinatseke njira. Pali amene anaona?"

Mwamuna ndi mkazi anayang'anana. "Alipo," anatero mayi a mapasa, "koma akuopa kuchotsedwa ntchito."

"Lamulo sililola kuti munthu achotsedwe chifukwa chopereka umboni. Akamuchotsa, umenewo ndi mlandu wina, ndipo ubwera pa tebulo lomweli. Koma sindingamukoke lilime. Tipita konko tikaone."

Loweruka kapitawo anabweradi ndi kabokosi kake. Atamva kuti nkhani ili ku boma anaseka, n'kunena kuti aona ngati boma limadyetsa ana. Usiku wake bambo a mapasa sanadye. Mkazi wake nayenso anali ndi mantha, ndipo sanabise.

Sabata yotsatira mayi wa ku ofesi uja anawatenga pa galimoto mpaka ku fakitale. Kanali koyamba mayi a mapasa kulowamo. Munali mdima ndi phokoso logonthetsa m'kutu, pansi pali tizidutswa ta malata tonyezimira, mpweya ukununkha oyilo. Makina odulira anali pakona, aatali kuposa munthu, ndipo chitsulo chotchinga chinali pamalo pake, chitapukutidwa bwino. Winawake anali atawatsina khutu abwana.

Makina anazimitsidwa. Antchito anaimikidwa pamzere, abwana ataima potero ndi manja m'thumba. Kapitawo anayankhula mosadodoma. Anati bamboyu tsiku limenelo sanabwere n'komwe kuntchito, anavulalira kwawo, ndipo iye anangomuthandiza ndi galimoto mwa umunthu. Ovolosi? Aliyense angathe kupaka magazi a nkhuku pa chovala. Chotchinga? Nachi, sichinachokepo chiikireni.

Mayi wa ku ofesi anagwada n'kuyang'ana mabawuti a chotchingacho. Anali owala, opanda fumbi, pamene makina onse anali akuda ndi oyilo wakale. Anatembenukira kwa antchito aja.

"Alipo amene anamuona bamboyu pano tsiku limenelo?"

Amuna akuluakulu, a ndevu zawo, ankayang'ana jombo zawo. Mayi a mapasa anayang'ana mchimwene wawo, amene anaima chakumapeto, thukuta likutsika m'khosi. Iye anali atawapempha kuti asamutchule, ndipo sanamutchule. Anangotsegula jumbo ija, n'kutulutsa ovolosi, n'kuigwira m'mapewa kuti itambasuke, mkono wakuda uja ukulendewera. Bambo a mapasa anaima pambali pake, bandeji ili pachifuwa.

Mayi wa ku ofesi anafunsanso kachiwiri. Anayamba kutseka buku lake.

"Ndinawavula ndine."

Mawuwo anatuluka mokakamira, koma onse anawamva. Mchimweneyo anatuluka pamzere. "Ndi alamu anga. Anali apa, ine apo. Chotchinga chinali pansi, kuseri kwa migolo, pomwe chakhala mpaka dzulo madzulo. Ovolosiyo ndinawavula ndine, a Changu atandiuza. Malaya amene anavala kuchipatala ndi a mlonda."

"Iwe, ganiza bwino," anatero kapitawo.

"Ndaganiza mwezi wonse, sindikugona."

Kenako panachitika chimene palibe anachiyembekezera. Bambo wina wachikulire, amene ankasesa m'fakitalemo, anatsamiritsa tsache lake pakhoma n'kukweza dzanja lamanzere. Linalibe zala ziwiri.

"Inenso inali nkhwangwa," anatero.

Wina wa pakati pa mzere anapinda mkono wa ovolosi n'kuonetsa chipsera chachitali. "Ine akuti ndinagwa panjinga." Winanso anakweza chala chopanda nsonga. "Ine chitseko cha kunyumba." Palibe anaseka. Abwana anatulutsa manja m'thumba. Mayi wa ku ofesi anatsegulanso buku lake n'kupempha mpando, poti anaona kuti achedwa.

Nkhaniyo sinathe tsiku limenelo. Panali maulendo ambiri a ku ofesi, kudikira pa mabenchi aja, ndi kupita kwa adokotala ena amene anayeza mmene dzanjalo lidzagwirire ntchito. Panali masiku amene bambo a mapasa ankafuna kuzisiya, ndipo mkazi wawo ankachita kuwakokera ku basi. Anasunga pepala lililonse la kuchipatala m'chitini cha ulusi. Koma mapeto ake kampani inalamulidwa kubweza zonse za kuchipatala, kupereka malipiro a miyezi imene bamboyo anakhala pakhomo, ndi chipukutamisozi cha zala zake. Anamupatsanso ntchito yoyang'anira katundu wotuluka pageti, imene dzanja limodzi limakwanitsa. Fakitale sinatsekedwe, monga ankawaopsezera zaka zonse zija. Inangolamulidwa kukonza makina, ndipo chotchinga anachiwotcherera kuti chisachokenso. Mchimwene uja sanachotsedwe. Amene anachoka ndi kapitawo. Bambo wosesa uja anathandizidwa pang'ono chabe, poti nkhani yake inali itagonera zaka zambiri, ndipo zimenezi zinawawa aliyense amene anazimva.

Zala sizinamere. Mpaka lero mayi a mapasa ndi amene amamanga mabatani a mwamuna wawo m'mawa, ndipo pa malaya ake onse anasokapo mabatani akuluakulu kuti tsiku lina adzathe yekha. Mchimwene wawo anayambiranso kubwera, tsopano ndi khanda m'manja, ndipo mlamu wake amalinyamula ndi dzanja lamanzere.

Patapita miyezi, mayi a mapasa anakumana ndi namwino uja pamsika. Namwinoyo anawagwira pamkono.

"Dzana kunabwera mnyamata wa ku fakitale kwanu kuja," anatero. "Lata linamucheka mwendo, koma achira. Mukudziwa mmene anafikira? Atavala ovolosi, jombo zili kumapazi, anzake awiri atamugwirira, akulimbirana kundiuza mmene zachitikira. Ndinachita kuwakhalitsa chete."

Mayi a mapasa anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

Masiku ano akamasoka pakhonde, amayi anzawo amene amuna awo kapena iwo eni amagwira m'mafakitale, m'magalaja ndi pa zomangamanga amabwera kudzafunsa. Iwo sazungulira. "Mukavulala pantchito, nenani zoona kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bwana ataima pamutu panu," amatero. "Dziwitsani akuntchito, ndipo kadziwitseni a ofesi ya zantchito msanga, musadikire malonjezo. Dziwani amene anaona. Sungani chovala, sungani mapepala a kuchipatala. Musasaine kapena kudinda chimene simunachimvetse. Chithandizo ndi chipukutamisozi si mphatso ya abwana, ndi ufulu wanu. Ndipo mnzanu akavulala, musamuvule ovolosi. Ife anatidula zala, n'kutsala pang'ono kutidulanso pakamwa, ndi nkhwangwa imene panyumba pathu sinakhalepo."